Mabatire Awiri M'thumba la Poko

Inu amene mwadzuka lero mutu utaima, osadziwa kuti muyambire pati, khalani pansi mumve za Upokoina, amene kuno m'tauni ya Tokoroa tonse timangomutchula kuti Poko.

Tsiku limene moyo wake unafika pansi penipeni, Poko anakhala pabenchi m'khonde la chipatala atafukata jumbo. M'jumbomo munali buluku la mchimwene wake, Teokotai, thumba lakumanja litapsa mpaka kubooka. Munalinso makiyi akuda bii, ndi kachitsulo kong'ambika kotalika ngati chala. M'mawa wa tsikulo kachitsuloko kanali batire. Amene anagula batirelo anali Poko.

Teokotai sanali mchimwene wamba. Makolo awo atamwalira pa ngozi ya galimoto, Poko ali ndi zaka khumi, iye anasiya sukulu n'kupita kukadula mitengo ya paini kuti mlongo wake adye. Ndi iye ankamuluka tsitsi m'mawa, mokhotakhota koma ankaluka ndithu. Ndudu anaziphunzira kunkhalango komweko pothawa chisanu, ndipo anazisuta mpaka imvi zinamera. Kenako dokotala anamuonetsa chithunzi cha mapapo ake n'kumuuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza, ukalamba adzangoumva kwa anzake.

Poko ndiye anamugulira vepu, kachipangizo kotulutsa nthunzi kamene osuta ambiri kuno amathawirako akafuna kusiya ndudu. Ka Teokotai kanali kakakulu, kolowa mabatire awiri otchaja. Nyengo yonse yozizira inadutsa iye osagwira ndudu. Chifuwa chinayamba kuchepa. Kutchalitchi anabwerera pabenchi la amuna, aja amagunda mawu kuchokera pansi pa chifuwa pa nyimbo zathu za kuzilumba kumene mtundu wathu unachokera, amayi akamakwera nawo m'mwamba.

Ndiye Loweruka lina, akunyamula matebulo a phwando la ukwati kuholo, thumba lake linangoti phu! Moto buu, utsi, anthu balalabalala.

Anamwino atamulola kulowa, Poko anapeza ntchafu ya mchimwene wake itakulungidwa mabandeji kuyambira m'chiuno mpaka pabondo.

"Achimwene, pepani."

"Usalire, iwe. Pita pagolosale apo ukandigulire ndudu."

"Koma adokotala aja anati..."

"Ndudu zimandipha mwaulemu, pang'onopang'ono. Chako chija chimafuna kundimaliza tsiku limodzi, anthu akuonerera, buluku lili pansi."

Anaseka yekha, kuseka kuja n'kuthera m'chifuwa. Poko anakana kukagula. Koma pachibale sipasowa wachifundo cholakwika: msuweni wawo Matapo anabwera nazo madzulo omwewo, atazibisa m'bokosi la nkhuku yokazinga.

Mwezi womwewo ntchito ya Poko yokolopa maofesi a pafakitale ya matabwa inali itatha. Tsono anali wopanda ntchito, wootcha mchimwene wake, ndiponso womubwezera ku ndudu zimene dokotala anati zimupha. Anasowa mtengo wogwira.

Chimene chinamuzunguza mutu kwambiri n'chakuti aliyense ankadziwa chifukwa chake, koma panalibe awiri onena zofanana. Azakhali awo, a Ngametua, anati n'chifukwa choti ana awiriwa anasiya kulambula manda a makolo awo. Matapo anati ndi kutchajira m'galimoto. Woyandikana nawo nyumba anati ndi chisanu. Namwino anati ndi makiyi. Poko atafunsa foni yake, ena ankati mabatire obiriwira ndiwo abwino, ena ankati obiriwira ndiwo akupha, ndipo onse ankalankhula m'manambala.

Manambala ndi Poko anali asanamwerane madzi chibadwire. Sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha iwo. Akayang'ana pepala la masamu, manambala ankasinthana malo iye akuona. Mabatire aja anawagula pamsika wa Loweruka, patebulo la munthu wogulitsanso masokosi ndi matochi, ndipo anasankha m'njira yokhayo imene ankaidziwa. Anatenga anayi ofiira, olembedwa nambala yaikulu kuposa ena onse. Nanga thumba lalikulu la mpunga siliposa laling'ono?

Atatopa n'kulira, anakwiya. Ananyamula jumbo ija ndi vepu ya mchimwene wake, ulendo wa kusitolo kumene anagula kachipangizoko.

Mwini sitoloyo ndi mayi Gwenda, amene anayendetsa malole a mitengo theka la moyo wawo ndipo mawu awo anatsalira m'ndudu zimene anasiya kalekale. Samwetulira wamba.

"Munandigulitsa bomba!" anatero Poko, n'kukhuthula jumbo patebulo.

Mayi Gwenda anavala magalasi, n'kutembenuza kachitsulo kopsa kaja ndi cholembera.

"Ili si langa. Linzake lili kuti?"

"Linzake la chiyani?"

"Kachipangizo kaja kamadya awiri. Awiriwo amagulidwa limodzi, amatchajidwa limodzi, amagwira ntchito limodzi mpaka kukalamba limodzi. Ukasakaniza lotopa ndi latsopano, lotopalo limapanikizika. Ife a ntchitoyi timati n'ngokwatirana. Tatsegula tione."

Poko anatsegula kachipangizo ka mchimwene wake ali ndi chikhulupiriro chonse kuti muli ofiira awiri. Munali labuluu limodzi ndi lakhofi limodzi, lakhofilo chikutiro chake cha pulasitiki chitasendeka m'mphepete. Onsewo anali asanawaonepo. Anangoti kakasi.

Koma ife sitingadabwe. Kuno chinthu sichigona nyumba imodzi. Poto wamkulu, makina otchetchera udzu, jekete lakuda la pamaliro, zonse zimayenda nyumba ndi nyumba mpaka mwini wake kuiwalika. Tinaleredwa kuti kupatsa n'kuika. M'bale akati, "Tandibwereka batire, langa latha," sumufunsa mafunso ngati wapolisi. Umatsegula n'kumupatsa limodzi, iye n'kukusiyira lake lakufalo. Choncho mabatire a banja lonse ankangoyenda thumba ndi thumba, amaliseche, akukhulana ndi makiyi ndi makobiri, ndipo tinkati ndi chikondi.

"Nambala iyinso ndi bodza," anatero mayi Gwenda, akuloza kachidutswa kofiira kamene kanatsala. "Batire la msinkhu uwu silingasunge moto wochuluka chonchi. Wina anangotola chakale n'kuchiveka malaya atsopano."

"Ndiye chalakwa ndi bodzalo?"

"Mwina."

"Kapena kusakanizako?"

"Nakonso n'koipa."

"Nanga makiyi?"

"Makiyi ndiye usachite kufunsa. Chikutiro chikang'ambika, batire lonse limakhala pamtunda. Likakhudza chitsulo, moto."

"Mayi, ndiuzeni chimodzi! Wolakwa ndani?"

"Nonse. Ndi asuweni ako omwe."

Poko analowa m'sitolomo ali ndi funso limodzi, anatulukamo ali ndi khumi. Pofika kunyumba anapeza Teokotai pakhonde, mwendo atausanjika pakireti, utsi ukutuluka m'mphuno. Chifuwa chija chinali chitabwerera, chozama ngati chikuchokera m'chitsime. Mtima wa Poko unawawa kuposa tsiku la motolo.

Akulu anati safunsa anadya phula. M'mawa mwake mayi Gwenda potsegula sitolo anapeza Poko ataima pakhomo, nthunzi ya chisanu ikutuluka m'kamwa.

"Ndiphunzitseni kusankha mabatire."

"Sindine mphunzitsi, ndipo sindikulemba ntchito aliyense."

Poko anaona tsache kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kusesa. Anasesa tsiku limenelo, nabweranso mawa lake, n'kupukuta mawindo amene palibe anawapukutapo chitsegulireni sitoloyo. Mayi Gwenda anagonja, mwina chifukwa cha chifundo, mwina chifukwa tsopano ankatha kuona kunja.

"Tamvera, ndinena kamodzi. Pabatire pali manambala awiri ofunika. Iyi yaikuluyi ikunena kukula kwa thanki. Iyi yaing'onoyi ikunena kukula kwa mpopi. Thanki ikakula, mpopi umachepa, sungapeze zonse ziwiri zazikulu m'kabatire kamodzi. Kachipangizo ka mchimwene wako n'kaludzu, kamamwa mothamanga. Ukakapatsa batire la mpopi waung'ono, batirelo limatentha. Wamva?"

"Ndamva."

Anali asanamve. Mayi Gwenda anandanditsa mabatire angapo patebulo. "Sankhira mchimwene wako."

Dzanja la Poko linapita lokha pa la nambala yaikulu.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake anaganiza nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, akunong'ona kuti thanki, mpopi, thanki, mpopi, mpaka anaiwala kuti thanki ndi iti. Anatolanso lomwelo.

"Dzanja lakoli lili ndi mutu wakewake," anatero mayi Gwenda. "Ndipo mutuwo nawonso unalephera sukulu."

Poko anakalirira m'galimoto, ataimika kuseri kwa sitolo yogulitsa mapayi, timabuledi tija tokhala ndi nyama m'kati. Anadziuza kuti aphunzitsi ake aja ankanena zoona, mutu wake ndi wa tsache basi. Koma polira anali atagwira batire m'manja, chala chachikulu chitaphimba nambala yaikulu ija, ndipo atapukuta misozi anaona kuti yaing'ono yatsala yokha, yosasuntha, yowerengeka bwinobwino.

Kuyambira pamenepo njira yake inali imeneyo. Choyamba, kufunsa kachipangizo kuti kakufuna mpopi wotani, poti zimalembedwa m'kapepala ka m'bokosi lake. Chachiwiri, chala chachikulu pa nambala yaikulu. Tsiku limene anasankha bwino koyamba anavina m'sitolo, makasitomala akuonerera.

"Usavine kwambiri," anatero mayi Gwenda. "Yaing'onoyo nayonso ena amanama."

"Aa! Mayi! Ndiye ndikhulupirire chiyani?"

"Khulupirira kumene lachokera. Ine ndimaoda kwa anthu oti likalakwa ndikudziwa khomo lokagogoda. Wamasokosi wako uja ali kuti lero?"

Zinthu zinkamuyendera choncho Poko. Akati wagwira mutu wa nkhani, mchira unkatulukira kwina. Anaphunzira kuveka batire chikutiro chatsopano, n'kumachiuzira mpweya wotentha wa choumitsira tsitsi kuti chigwire. Zoyamba zinakhwinyata ngati khungu la nkhuku. Zina anaziveka bwino koma ataiwala kamphete koteteza kumutu, n'kuyambiranso. Anaphunzira kuti batire lophwanyika m'mbali kapena ladzimbiri silivekedwanso, limapita kumalo otayira mabatire. Ndipo pofuna kuti okwatirana asasokonekere, anayamba kuwadontheza utoto wa zikhadabo, awiri aliwonse mtundu wawo, n'kuwatsekera m'kabokosi ka pulasitiki.

Miyezi inapita. Bala la Teokotai linapola n'kusiya chipsera chachikulu ngati chikhatho. Ndudu sizinapole. Kutchalitchi anachoka pabenchi la amuna n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, kuti chifuwa chikamugwira azitulukira panja osasokoneza nyimbo.

Poko anaona kuti mawa wina apsanso, poti mabatire a banja anali akuyendabe amaliseche. Anauza mayi Gwenda kuti Lamlungu, pa chakudya cha kuholo, atolera onse kuti awaone.

"Utolera m'chiyani?"

"Mu poto wamkulu uja."

"Poto wachitsulo? Mwana iwe, ukufuna kuphika holo yonse ndi abusa omwe?"

Anapita ndi mathireyi a mazira.

Anthu atakhuta talo, koko wathu wa kuzilumba, ndi saladi wa mbatata, Poko anaimirira n'kupempha kuti aliyense amene ali ndi batire m'thumba alibweretse. Palibe amene anadzuka. Kenako a Ngametua anapukuta pakamwa.

"Taonani, abale. Wootcha mchimwene wake wasanduka dokotala wa mabatire."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Poko anayang'ana chitseko, mtima ukumuuza kuti athawe. Koma mayi wina, amene tsiku la ukwati uja anathira madzi pa ntchafu ya Teokotai n'kumva fungo lake, anapisa dzanja m'thumba la mwamuna wake osapempha. Anatulutsamo makiyi, misomali iwiri ndi batire losendeka. Amayi ena ataona, nawonso anayamba kusecha amuna awo ngati apolisi a pabwalo la ndege. Mathireyi anadzaza. Ambiri mwa mabatirewo anali ong'ambika, ndipo panalibe mmodzi wodziwa kuti lake lenileni ndi liti.

Ali mkati mosankhula, Matapo anafika patebulopo, vepu ili m'manja, akumwetulira ngati masiku onse. Maso ake anali pa kabokosi ka mabatire awiri a timadontho tobiriwira, amene Poko anabwera nawo ngati chitsanzo.

"Msuweni, tandibwereka limodzi. Langa lafa."

Apa mutu wa Poko unaimiratu. Kumukaniza m'bale pagulu, nkhaniyo ikanafika kuzilumba dzuwa lisanalowe, kuti mwana wamasiye amene banja linathandiza kumulera lero akumana abale kabatire. Kumupatsa limodzi, ndiye kuti miyezi yonse ija anasesera pachabe. Mawu a mayi Gwenda ankakoka uku, mawu a malemu mayi ake ankakoka uko. Anthu anasiya kutafuna.

Anatenga kabokosi konse n'kukaika m'manja mwa Matapo.

"Tengani onse awiri. Pobweza mubweze onse awiri. Wina akakupemphani, mumupatse onse awiri, m'nyumba yawo momwemu."

"Ine ndapempha limodzi."

"Kodi mukaitana azakhali kuphwando, amuna awo mumawasiya pakhomo?"

"Amenewo muziwasiya kumene!" anakuwa a Ngametua. "Amadya kwambiri!"

Holo inaphulikanso ndi phwete, koma ulendo uno sankaseka Poko. Palibe amene anamanidwa, ndipo palibe batire limene linasiyana ndi linzake. Kuyambira tsiku limenelo kubwerekana sikunathe, kunangosintha. Anthu ankabwerekana tibokosi. Posakhalitsa kusitolo kunayamba kufika anthu ochokera mpaka kutauni ya Putāruru, akufunsa kuti, "Mayi wa timadontho uja alipo?" Mayi Gwenda, amene sankalemba ntchito aliyense, anamulemba ntchito.

Mukanaganiza kuti nkhani yathera pamenepa. Ayi. Munthu mmodzi yekhayo amene Poko anavutikira zonsezi anali akusutabe.

Poko anasankha mabatire awiri mosamala kuposa mmene mayi amasankhira mkamwini. Anawadontheza utoto wachikasu, mtundu wa maluwa amene mayi awo ankakonda kuika kukhutu. Anawaika patebulo pamodzi ndi kachipangizo kaja, n'kuyamba kufotokoza za thanki ndi mpopi, za chikutiro, za kabokosi. Teokotai anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako anatenga supuni n'kukankhira kabokosiko kumapeto kwa tebulo.

"Wachita bwino, mlongo wanga. Waphunzira. Koma ntchafu yanga sidziwa masamu."

Chisanu chinabweranso. Chifuwa chinamugwetsa, anagonekedwa m'chipatala, ndipo tsiku lotuluka anayatsa ndudu asanafike n'komwe pagalimoto. Poko anamuyang'ana, munthu amene kale ankanyamula chipika paphewa, akupumira kawiri pa mtunda woti mwana amathamanga. Anachita mantha enieni.

"Ndaphunzira zonsezi pachabe," anauza mayi Gwenda. "Anthu a eni ndikuwathandiza, wanga akufa ndikuona. Ndalakwitsanso pati? Mpopi ndi wabwino, chikutiro n'chabwino. Kodi pali nambala inanso imene simunandiuze?"

"Palibe. Iye sakuopa nambala. Akuopa thumba."

Poko anapitiriza kusesa. Sanamvetse nthawi yomweyo, monga mwa masiku onse. Anamvetsa Lamlungu m'mawa, akusita diresi lake loyera la kutchalitchi, dzanja litalowa mwangozi m'thumba la diresilo.

Anapeza Teokotai akumanga tayi. Anamuonetsa kabokosi ka timadontho tachikasu, n'kukatseka kuti tswi, n'kukalowetsa m'thumba lakumanja. Pamwamba pake anaponyapo makiyi a nyumba, makiyi a galimoto ndi makobiri a chopereka.

Nkhope ya Teokotai inasintha.

"Chotsa zimenezo."

"Ayi."

"Poko!"

"Ali m'nyumba yawo, achimwene. Sangapse. Ndipo akapsa, ndipsa ndine. Inu munapsa kale chifukwa cha ine."

Kutchalitchi anakakhala naye kumbuyo, ntchafu yake itagundana ndi ya chipsera ija. Akaimirira, makiyi ngwere. Akakhala, ngwere. Teokotai sanamve ulaliki ngakhale liwu limodzi.

Sizinathere Lamlungu limenelo. Poko ankaphika nawo m'thumba, kuyendetsa nawo galimoto, kupita nawo kuntchito. Pa chakudya Teokotai ankatafuna maso ali pathumba la mlongo wake. Anamukalipira, anamunyengerera, anamunenera kwa a Ngametua, amene anayankha kuti ana a mlongo wawo onse awiri anabadwa ouma mitu ndipo iwo sakufuna kulowererapo. Naye Poko, kunena zoona, masiku oyamba ankaika dzanja pathumbapo mobisa kuti amve ngati pakutentha. Ankadziwa kuti wasankha bwino, koma kudziwa ndi kwina, mtima ndi kwina.

Masabata anapita, thumba osapsa.

Lamlungu lina, nyimbo ya kuzilumba ili pakati, amuna akugunda mawu mpaka mabenchi kunjenjemera, chifuwa chinamugwira Teokotai ndipo anatuluka. Poko anamutsatira, makiyi akulira. Anamupeza atatsamira mpanda, ndudu yosayatsa ili pakamwa, maso ali ofiira.

"Bweretsa kuno."

"Mukataye?"

"Ndati bweretsa. Ndinakulera ine kuti udzapse ndikuona? Ngati m'banja muno muli munthu woti apse, ndi ine. Ndinazolowera."

Poko anatulutsa kabokosiko. Teokotai anakalandira n'kukalozetsa kuthumba lakumanja, pachipsera penipeni. Sikanalowe. M'thumbamo munali paketi ya ndudu, ndipo thumba la buluku la kutchalitchi silikwana zinthu ziwiri.

M'tchalitchimo nyimbo inali ikupitirira. Teokotai anatulutsa paketiyo, n'kuchotsanso ndudu ija pakamwa, n'kuika zonse m'manja mwa mlongo wake.

"Gwira izi. Ndipo usandiyang'ane choncho, ukuononga diresi ndi misozi."

Sindingakunamizeni kuti zinangoyenda myaa. Anagwa kangapo, Matapo akudziwa bwino, koma ankadzukanso. Mapapo ake sanasanduke atsopano, ndipo sadzasanduka. Vepu si mankhwala, ndipo Poko mwiniwake amanena zimenezi tsiku ndi tsiku. Mayi Gwenda atapuma n'kusamukira kunyanja, anamusiyira sitolo, ndipo munthu wosasuta akalowamo chifukwa chotengeka, Poko amamulozera chitseko. "Kuno si kwa maswiti. Pita ukagule payi."

Chaka chathachi, pa tsiku lokumbukira kufika kwa Uthenga Wabwino kuzilumba kwathu, Teokotai anadutsa benchi lakumbuyo osaima. Anakakhala ndi amuna anzake. Ndime imodzi yokha ndi imene anakwanitsa, koma tonse tinawamva mawu ake akuchokera pansi, ndipo a Ngametua analira mpaka chipewa kupendekeka.

Lolemba lake analowa m'sitolo n'kuika patebulo kachipangizo kaja ndi kabokosi ka timadontho tachikasu.

"Afooka?" anafunsa Poko, chala chachikulu chitapita kale pa nambala.

"Ali bwinobwino. Ine ndi amene ndamaliza. Ndudu, nthunzi, zonse. Upatse Matapo, akuvutikabe."

Poko anatsegula kabokosiko. Funso lake linali lachibwana.

"Limodzi?"

"Onse awiri, iwe. Unaphunzira kuti?"

Mpaka lero Poko amasokoneza manambala. Mukamufunsa mwadzidzidzi kuti thanki ndi iti, amayamba wayang'ana kudenga. Sanadikire kuti mutu uyere kaye ndiye ayambe. Anayamba mutu uli chiimire, ndi tsache la eni ake, akusekedwa ndi abale ake omwe.

Inunso mwina mwalakwitsa chinthu chimene chapweteka munthu amene mumamukonda. Mwina aliyense akukuuzani zake ndipo simukudziwa womumvera. Pitani mukafunse, ngakhale akusekeni. Mukasankha molakwika lero, mubwererenso mawa. Chimene chikukusokonezani chiphimbeni ndi chala, muwerenge chimene chatsala.

Mchimwene wa Poko ali moyo, ndipo akuimba. Osataya mtima.